Tsiku Limene Tinaweruza Mlakatuli wa ku Ayalandi

Senderani kuno, mphasayi ndi yaikulu. Inu mwaima pakhomopo, lowani kapena tulukani, mukunditchingira kuwala. Mawu okuwa ndilibenso, chifuwachi chinatha ndi mame a m'tiyi, ndiye wokhala patali asadzanene kuti ndinamubisira. Pakamwa ndi panga, dzanja lolemba ndi la wina, poti ine sukulu ndinkangoiona denga ndikamadutsa ndi dengu kumsana.

Nkhaniyi ndi ya mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa malemu mwana wanga woyamba, wamkazi. Amake atatisiya ndinamutenga asanayambe n'kuyenda komwe. Nthawi imeneyo ndinkathyolabe tiyi pa esiteti, tikukhala m'malayini, nyumba za antchito zija zogundana ngati mano. Anakulira momwemo. Nditapuma ntchito tinatulukamo, poti nyumba ya m'malayini imayendera ntchito, n'kudzamanga kuno kumalire, kumene tiyi wathera ndipo chinangwa chayambira. Mwanayo mutu unali wakuthwa. Mayeso ankangowadutsa, mpaka anamutenga ku koleji ya m'tauni.

Chaka chimene ndikunenachi anabwera ku holide nyengo ya chiperoni, tiyi atamudulira, minda ili zitsa zokhazokha. Ineyo ndine wosakhazikika chibadwire, amayi anga ankati ndinabadwa ndi nyerere kumapazi. Koma ulendo umenewo mwanayo anandiposa. Akhala pakhonde ndi pepala, adzuka. Alowa m'nyumba, atuluka. Apita kuseri kwa nthochi, abwerako pepala lili lomwelo m'manja. Chinangwa ndamuphikira, wangonyema kamodzi n'kuchisiyira ntchentche.

Ndinati, "Mkazi mnzanga, undiuze msanga. Ndi mimba?"

"Anganga, inunso."

"Nanga ukuzunguliranji ngati nkhuku yosowa poikira?"

Ndiye anandiuza. Kusukuluko anawapatsa ndakatulo ya mzungu wina wa ku Ayalandi. Dzikolo ndinali nditalimvapo, chifukwa kumishoni kunali abambo ena ochokera kumeneko, ofiira nkhope, oyenda pa njinga yamoto, amene ankati kwawo mvula sikata ndipo chiperoni chathuchi ndi masewera. Aphunzitsi a mwanayo, mayi ndithu, anati aliyense alembe chimangirizo, ndiye kuti nkhani yaitali ya papepala, yonena zimene ndakatuloyo yamuchita iye mwini mumtima. Osati zimene mabuku akunena. Za iye mwini.

"Phunziro limeneli ndinalephera kale kamodzi," anatero. "Ndikalepheranso andichotsa sukulu. Zoloweza ndimatha, anganga. Mundipatse buku, mawa ndikuuzani lonse. Koma awa akufuna maganizo anga. Ndikagwira cholembera m'mutu mumangoti zii."

Ndinati andimasulire chimene mzunguyo walemba, ndimve.

Inali nkhani yaifupi. Munthuyo amake anali a kumudzi, ndipo aliyense wolowa m'nyumba mwawo ankamuthirira tiyi asanamufunse chimene wadzera. Mwanayo atakula anawoloka nyanja kukafuna ntchito. Amake anamwalira iye ali konko. Tsopano ali mumzinda wa eni, wadziphikira tiyi, wamwa, koma sakumukoma, ndipo akukumbukira khitchini ya amake ndi nthunzi yake. Basi. Sananene kuti abwerera, sananene kuti sabwerera.

Ndinati, "Zomwezi? Ndiye ukuwonderapo thupi pamenepa?"

Apa mundimvetse bwino, inu ana a masiku ano. Kwathu kuno funso likagwera mwana silikhala la mwana. Mnyamata akabwera kudzafunsira, amayankha ndi amalume. Akakuitana ku ofesi ya esiteti, supita wekha, umatenga wamkulu woti akakuyankhulire. Mwana wamkazi wolangidwa bwino sati "ine ndikuganiza" akulu ali pomwepo. Ndinamulera choncho ineyo, ndipo anthu ankandiyamikira. Ndiye nditamva kuti kwabwera funso lolemera, loti likhoza kumuchotsetsa sukulu, ndinachita zimene munthu aliyense wanzeru akanachita. Ndinaitana mbumba.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anabwera awiri. Woyamba mwana wanga wamwamuna, amalume ake a mtsikanayo, amene anali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti. Wachiwiri mng'ono wanga wa ku Masambanjati, wogulitsa nthochi ndi mapeyala pamsewu, mayi woti pakamwa sipapuma. Tinayala mphasa pansi pa mpeyala, ndinali nditaphika nyemba za kalongonda kuyambira dzulo lake. Mtsikanayo anakhala chakumbali, miyendo atawongola, kope pamwendo. Anamasuliranso ndakatulo ija.

Amalume ake anayamba ndi kukhosomola, monga amachitira pa sikelo yoyezera tiyi akafuna kuti anthu akhale chete.

"Choyamba tidziwe. Tiyi ameneyu anali wochokera kuti?"

"Sanalembe, amalume."

"Ndi wathu ameneyo. Kwawoko tiyi samera. Ulembe kuti ndi wa ku Thyolo."

Mng'ono wanga anati, "Iwe kapitawo, tiyi wako usiye ku fakitale. Apa nkhani ndi mkazi. Mwamuna sangakhale kunja mpaka amake kufa popanda mkazi womugwira mwendo. Anakwatira kumeneko, eti mwanawe?"

"Sanalembe, anganga aang'ono."

"Sangalembe. Amalemba zimenezo?"

"Pamaliro anafika?" anafunsa amalume.

"Zikuoneka ngati sanafike."

Mng'ono wanga anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Amalume anapukusa mutu nati ngakhale a ku Joni amayesetsa, akalephera maliro amabwera pa sadaka. Ine ndinati tiyi sangamukome munthu wotero, amake akumukaniza, ndipo sadzamukoma mpaka akasese pamanda. Tinakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Panali kutsutsana ndithu, chifukwa mng'ono wanga ankafuna kuti mkazi uja alowemo m'chimangirizo, amalume akuti sitingaweruze munthu amene sitinamumve n'dzina lomwe. Penapake mtsikanayo anakweza mutu.

"Koma amalume, mwina iyeyo..."

"Dikira, akulu akuyankhula. Iwe uzilemba."

Anaweramanso. Ine ndinaona, koma ndinati ndi ulemu umenewo.

Pomaliza tinamanga mfundo imodzi. Munthu wa ku Ayalandi analakwa. Abwerere kwawo, akapepese kwa abale, akamange chiliza cha amake, ndipo ana onse opita kutali atengerepo phunziro. Amalume anati mutu umodzi susenza denga, aphunzitsiwo aona okha kuti mwanayu akuchokera pa anthu. Mtsikanayo anazilemba m'Chingerezi mwaudongo, paliponse akuti ife tikuona, ife tagwirizana. Mawa lake tinapita limodzi kumtunda kuja kuli shedi ya sikelo, kumene amayezera masamba, poti ndi kokhako kumene netiweki imagwira bwino. Anatumiza pa foni. Ine pobwerera ndinkayenda ngati mtsikana.

Yankho silinachedwe. Anabwera nalo kuchokera kumtunda konko, nkhope ili gwa, n'kundipeza ndikusenda chinangwa.

"Akana."

"Akana chiyani?"

"Akuti Chingerezi chili bwino, ndipo anaseka powerenga. Koma akuti iwo anaitana munthu mmodzi, kwabwera mudzi wonse. Akuti iweyo uli pati m'menemu? Andipatsa mpata ndilembenso sukulu isanatsegulidwe. Womaliza."

Mpeni ndinauika pansi. Ati aphunzitsiwo anaseka. Ife takhala tsiku lathunthu, kalongonda wanga wapita, mng'ono wanga wasiya malonda ake, munthu n'kuseka. Amalume atamva anafika ndi gambutsi zawo za kuntchito, osakhala n'pansi pomwe.

"Ndiye sukulu imeneyi ikuphunzitsa ana kutsutsa akulu? Mayi ameneyo kwawo kulibe amalume?"

Mtsikanayo anatola kope lake n'kulowa m'nyumba. Ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kuyankhula zambiri. Kuzungulira kuja kunabwerera, tsopano tinali awiri. Iye akatuluka ine ndilowa. Ndinasesa pabwalo posesa kale. Ndinapita kumunda kopanda chokachita, ndinazula udzu pang'ono, ndinabwerako. Ndinayamba kusoka chitenje, ndinachisiya singano ili pomwepo. Ndikamuyang'ana, kope lili pamwendo, tsamba loyera. Masiku akutha. Ndinkafuna kumuthandiza, koma thandizo limene ndinkalidziwa ndi lomwe lija analikana. Manja anga ankangoyabwa.

Tsiku lina m'mawa ndinati tiye kuchigayo, ufa watha. Njira yake imadutsa pakati pa esiteti. Iye anasenza thumba, ine kambuyo ndi ndodo yanga. Chifunga chinali chisanachoke, mizere ya tiyi wodulira ikungotsika ndi kukwera mpaka kosaoneka. Titayandikira fakitale mphepo inatembenuka n'kutibweretsera fungo lija la masamba akamauma. Ine fungo limenelo ndimalikoka mpaka m'chifuwa. Ndi fungo la tsiku lolandira, la ana anga ali aang'ono. Ndinaona mtsikanayo akukokera mpango pamphuno.

"Wadwala chimfine?"

"Ayi."

Tinayenda pang'ono. Kenako anaima, thumba lili pamutu, osatembenuka.

"Anganga, fungo limeneli ndimadana nalo."

Ndinaima kumbuyo kwake, nditatsamira ndodo.

"Kuyambira ndili mwana. Limandikumbutsa inu mukubwera madzulo chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, zala zitang'ambika, mukulephera kumasula mfundo ya dengu. Munthu wa ku Ayalandi uja akulira kwawo. Ine ndikakhala ku koleji sindilira kuno. Inuyo ndimakusowani. Koma malo ano ayi. Basi ikamatsika kuchoka ku Thyolo ndimapuma bwino."

"Ndiye kwanu ukukana?"

"Kwathu ndi kuti? Nyumba imene ndinakuliramo mukukhala anthu ena, ndikadutsa ana awo amandiyang'ana ngati mlendo. Minda yonseyi si yathu. Iye uja ali ndi khitchini ya amake yoti aziilira. Ndikawerenga ndakatulo ija sindimuona kulakwa, anganga. Ndimamuchitira nsanje. Kenako ndimachita manyazi kuti ndikuchitira nsanje munthu wofedwa."

Thirakitala inabwera kumbuyo kwathu, tinapatukira m'ngalande kuti idutse. Woyendetsa anandipatsa moni, ndinayankha, sindikudziwa kuti ndinati chiyani. Mwana ndinamubereka kumsana m'mizere yomweyi, dengu kutsogolo iye kumbuyo, masiku amene wondisungira anasowa. Ndinkamutafunira chinangwa. Lero akuti akamachoka amapuma bwino.

Ndiye pali china chimene chinandibwerera pomwepo, chosaitanidwa. Amayi anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, anabwera wapansi ndi mtolo pamutu. Ankati akamasinja amayimba m'Chilomwe za phiri la kwawo, misozi ikutsika, ine ndili pambali kudikira kuti amalize ndikasewere. Phiri limenelo sindinaliwonepo ndipo sindinalifunepo. Koma zimenezi sindinamuuze mtsikanayo. Mkwiyo unali usanandichoke, ndipo sindinafune kumupepuzira.

Thirakitala itapita anatula thumba pansi. Anagwada pa udzu wonyowawo, monga ndinamuphunzitsira.

"Ndilembe zimenezi, anganga?"

Pakamwa panga panali patadzaza kale ayi. Anthu achilendo akawerenge kuti mwana woleredwa ndi ine amatseka mphuno kwawo? Mayi woseka uja akasekenso? Koma ndikati ayi, mwanayu sukulu yatha, abwera kudzasenza dengu lomwe lija, m'fungo lomweli. Ndiye ndinati chabwino ndinene eya. Ndinatsegula pakamwa, n'kuona kuti eya nayenso ndi msampha. Ndikamuloleza, ndiye kuti wayankha ndi ine kachiwiri. Akalemba zimene anganga avomereza. Mudzi uja walowanso, wangochepa anthu.

Ndinamuyang'ana atagwada pamenepo.

Ndinati, "Usandifunse."

"Anganga?"

"Funso limeneli si langa. Sanandipatse ine. Dzuka, ukunyowetsa siketi."

"Mwakwiya?"

"Ndakwiya. Senza thumbalo, magetsi akazima tigona ndi njala."

Kuchigayo sitinayankhulane. Pobwerera sitinayankhulane. Koma titafika, asanasambe n'ufa womwe m'manja, anatenga kope n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pa mtondo wogwetsa. Ndinamva tsamba likutembenuzidwa. Kenako lina. Ine ndinali uku, ndikupeta ufa wosafunika kupeta. Kangapo miyendo inanditenga mpaka pangodya ya nyumba, n'kubwerera. Ndinkafuna kufunsa kuti za zala zong'ambika zija walembanso? Ukanene kuti ndinkapakako mafuta, asamayese kuti tinali anthu osadzisamala. Ndinadziluma lilime. Ndinapita kwa aneba kukapempha moto, moto uli kwanga.

Analemba tsiku limenelo ndi lotsatira. Tsiku lachitatu lake masana amalume anatulukira. Anali atamva kuti mwana akulembanso.

"Mayi, ndamva. Ndiye atiwerengere tisanatumize. Tione ngati zili zoti zingatuluke pakhomo pano."

Iyeyo ndi mwini mbumba, ndipo ponena zimenezo sankalakwa. Chiyambire sindinamutsekerepo pakamwa pa nkhani ya ana a mlongo wake. Mtsikanayo anali atatulukira pangodya, kope atalikumbatira pachifuwa, akuyang'ana ine.

Ndinati, "Sitimva."

"Mwati bwanji?"

"Sitimva, bambo. Iwe sumva, ine sindimva. Apite akatumize."

"Mayi, mukudziwa zimene walemba?"

"Zina ndikuzidziwa. Sizikukondweretsa."

"Ndiye mukuzilola?"

"Sindinalole, sindinakane. Khala pansi ndikupatse chinangwa."

"Mwana akatinyoza kwa anthu, mudzati kapitawo sananene?"

"Ndidzati unanena. Iwe mtsikana, ukudikira chiyani, mvula?"

Anadutsa pakati pathu ataweramitsa mutu, n'kuyamba kukwera njira ya ku sikelo. Amalume anamuyang'ana mpaka anabisika m'mitengo ya bulugamu. Chinangwa sanadye. Anati ali ndi anthu oti akawaone kumunda, ndipo panapita milungu asanapondenso pakhomo panga.

Madzulo ake mtsikanayo anati, "Ndikuwerengereni tsopano, poti zapita kale?" Ndinati ndinamva kale panjira ya kuchigayo, zandikwana. Kunena zoona ndinkaopa. Mpaka lero sindidziwa zonse zimene zili m'menemo, ndipo masiku ena zimandidzutsa pamphasa n'kundiyendetsa pabwalo.

Sukulu sanamuchotse. Anakhoza, osati pamwamba kwenikweni, aphunzitsi aja akuti anamulembera kuti poyamba wazungulira kwambiri asanafike pa nkhani. Ndinati amenewo ndi magazi, asamudandaule. Anamaliza koleji, pano akugwira ntchito ku Lilongwe. Amabwera pa Khirisimasi, osati chaka chilichonse, ndiponso pamaliro salephera. Akabwera amagona masiku ochepa, ndipo tikamadutsa pa fakitale mpango uja amaukokabe, ine ndimayang'ana kumbali.

Amalume ake anapuma ukapitawo, ali ku Chimaliro kwa akazi awo, akulima nandolo ndi chimanga. Ndi mtsikanayo amayankhulana bwino pa foni. Koma mukawafunsa lero adzakuuzani kuti yankho la pansi pa mpeyala ndilo linali lolondola, aphunzitsiwo anangoliopa.

Mng'ono wanga anatisiya chaka cha mvula yoononga ija. Anadwala pang'ono, ndipo ali m'chipatala ankafunsabe manesi ngati ali pabanja.

Aphunzitsi aja sindinawaonepo. Ndinamva kuti anasamukira ku koleji ina. Mzungu wa ndakatulo, mtsikanayo anadzandiuza pambuyo pake kuti anali atamwalira kalekale ife tisanakhale pansi kumuweruza, ndipo sakudziwa ngati anamuika kwawo kapena kwa eni.

Ine ndili pano. Maondo akukana, koma kukhala pansi nthawi yaitali sindikutha. Tandipatsani ndodoyo, mbuzi za aneba zalowanso m'chinangwa.